Waya wa Moto: Woduka Ngwachifundo, Woopsa Ndi Wokakamira

Tinanyamuka pa Tsangano dzuwa litapendeka. Galimoto inali pikapu ya Toyota Hilux yakalekale, ya dizilo, imene mwini wake ankati ndi yoyera ngakhale maso ankaona mtundu wa katondo. Kumbuyo kunali matumba a mbatata ya kachewere, makabichi, ndi anthu asanu ndi awiri atakhala pamwamba pa katunduyo, miyendo ili lendelende. Ine ndinachita mwayi wokhala kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi mayi wina wa geni amene anafungatira chikwama chake ngati khanda ulendo wonse.

Tisanafike pa tala wa M1, tikukwera kachitunda kena, injini imene inkabangula inangotsitsa mawu mwadzidzidzi. Sinazime ayi. Inayamba kulira mwaulesi ngati mmene imalirira podikira anthu pa siteji. Dalaivala anaponda moto, phazi linangofika pansi popanda chokaniza. Anapondanso kawiri. Galimoto inayamba kubwerera chammbuyo, wina kumbuyo anafuula kuti mayo ine, koma mnyamata wothandiza anali atadumpha kale n'kuika mwala kuseri kwa tayala.

"Kebo yaduka," anatero dalaivala. Sanakwiye, sanadabwenso. Nkhope yake inali ya munthu amene mlendo yemwe ankamuyembekezera wagogoda pakhomo.

"Achimwene, ndiye munkadziwa kuti iduka?"

"Inayamba kale kulimba, bwana. Ndimati ndisinthe tikagulitsa katunduyu."

Boneti itatsegulidwa, tinaona chimene chinaimitsa galimoto yonse ndi katundu wake. Kanali kawaya kochepa ngati chingwe cha nsapato, kopotedwa ndi timawaya tating'onoting'ono ngati mmene amapotera khonje. Kanadukira kumapeto kwenikweni, pamene kamakolekedwa pa pampu ya dizilo, ndipo podukapo panali patamera ndevu, timawaya tili yangayanga, tina tadzimbiri, tina tonyezimira. Tadzimbirito tinaduka miyezi yapitayo. Tonyezimirato ndi timene tinagwira ntchito yonse mpaka tsiku limenelo.

Mnyamata uja anathamangira ku timagolosale timene tinatidutsa, kumene kunali wokonza njinga pansi pa mtengo. Anabwera ndi waya wa mabuleki akumbuyo a mauntenibaiki, poti njinga zakuda za kabaza zija zambiri mabuleki ake ndi a tizitsulo, zilibe waya. Dalaivala anasolola waya wodukayo m'chimake chake, n'kulowetsamo wa njingayo kuchokera ku chopondera. Kamutu kake kanakola bwino pa chopondera. Ku pampu kunalibe kamutu, choncho anafufuza m'kachitini kake ka mabawuti n'kutulutsa kachitsulo ka mkuwa kolumikizira mawaya a magetsi, kamene kamakhala ndi timasikuluwu tiwiri. Anapana wayayo ndi kameneko. Ola limodzi linatha. Analiza injini, anaponda, inabangula, ndipo amayi akumbuyo anaomba m'manja.

Koma panali gogo wina, wa chipewa cha ubweya, amene nthawi yonseyi anangokhala pa thumba osanena kanthu. Anatsika pang'onopang'ono n'kufika pa boneti.

"Mwana wanga, kubangulako ndamva. Tsopano zimitsa. Ponda mpaka pansi, kenaka chotsa phazi msanga, tione ngati akubwerera."

Dalaivala anamvera. Ulendo woyamba kachitsulo ka pa pampu kanabwerera. Wachiwiri kanabwerera. Wachitatu kanaima pakati, chifukwa nsonga ya waya wa njinga, imene anaisiya yaitali, inakodwa pa paipi ina. Anaidula ndi pulayazi. Tinamva pambuyo pake kuti gogoyo anayendetsapo malole paunyamata wake.

Waya wobadwira pa njinga

Amene angaseke kuona waya wa njinga m'galimoto sadziwa kuti galimoto ndi imene inabwereka kwa njinga. Waya wotere, woyenda m'chimake, dzina lake ndi Bowden, ndipo limachokera kwa Ernest Monnington Bowden amene analembetsa luso limeneli ku Britain mu 1896, cholinga chake chili mabuleki a njinga. Kuchokera apo waya ameneyu analowa m'njinga zamoto, m'magalimoto, m'mathirakitala. Pa pikapu yakale mungamupeze malo anayi kapena asanu: wa moto, wa handibuleki, wotsegulira boneti, wa tchoko, ndipo pa galimoto zina wa kilatchi.

Nzeru yake ndi yaing'ono koma yokoma. Chingwe wamba chimakoka molunjika basi. Koma mukachilowetsa m'chimake cholimba chimene sichingafinyike, n'kumanga chimakecho mbali zonse ziwiri, chingwe cha m'kati chimakoka ndithu ngakhale njira itakhotakhota ngati njoka. Chimakecho ndi chitsulo chokulungizidwa ngati sipuling'i, kunja chokutidwa ndi pulasitiki wakuda, ndipo pa mawaya ambiri m'kati muli kachikopa ka nayiloni kothandiza kuti waya aziterereka. N'chifukwa chake phazi limene lili kumanja kwa galimoto limatha kulamula chitsulo chimene chili kutsidya la injini, mowoloka khoma lolekanitsa injini ndi mokhala dalaivala, ngakhale injiniyo ikunjenjemera.

Pa injini ya petulo ya kabuleta, monga 2Y, 4Y ndi 22R za m'ma Hilux akale, kapena A14 ya m'kapikapu ka Nissan 1400 kamene kanapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008, waya amatsegula kachitseko kozungulira, konga ndalama yachitsulo, kamene kali pakhosi pa kabuleta. Kachitseko kakatseguka mpweya umalowa wambiri, ndipo mpweyawo umakoka petulo. Pa dizilo wakale, monga 2L, 3L ndi 5L, waya amakoka kadzanja kachitsulo ka pa pampu, ndipo pampu imawonjezera mafuta opita ku manozo. Ma Isuzu KB akale, Mazda B, Ford Courier ndi Nissan Hardbody oyambirira, onsewa njira yake ndi imodzimodzi.

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yonse. Waya ameneyu amadziwa ntchito imodzi yokha, kukoka. Sadziwa kukankha. Mukachotsa phazi, chimene chimatseka moto si waya ayi, ndi sipuling'i, kachitsulo kakang'ono kamene kamabweza zonse m'malo mwake. Mwendo wa munthu wamkulu uli ndi mphamvu yokoka waya ngakhale atachita dzimbiri chotani. Sipuling'i ilibe mphamvu imeneyo. Choncho waya akayamba kulimba, phazi limapambana potsegula, koma sipuling'i imayamba kulephera potseka. Dalaivala amangoti moto walimba, n'kumaponda mwamphamvu, osadziwa kuti mbali yofookayo ndi imene ikugonja.

Chimene chimapha waya

Choyamba ndi fumbi, ndipo la kwathu kuno silisowa. Kumapeto kwa chimake kumakhala kalabala konga kachipewa kotchinga dothi. Kakang'ambika ndi ukalamba, fumbi la m'chilimwe limalowa, madzi a m'dzinja amalowa, ndipo ziwirizi zikasakanikirana m'kati zimapala waya ngati mchenga wotsukira mapoto. Anyamata otsuka magalimoto ndi mipope yamphamvu amathandiziranso, popeza amalozetsa madzi paliponse pansi pa boneti. Injini imatuluka ikuwala, mwini wake n'kukondwa, koma madzi atsala m'chimake.

Chachiwiri ndi malo okolekera. Kumapeto kwa waya kuli kamutu konga kamgolo kakang'ono, kamene kamayenera kuzungulira pang'ono m'malo mwake nthawi iliyonse mukaponda. Kakauma n'kukakamira, waya ndiye amapindika m'malo mwa kamutuko, pamalo amodzimodzi, kambirimbiri patsiku. Aliyense amene anathyolapo waya wa mpanda poupindapinda akudziwa mathero ake. N'chifukwa chake mawaya ambiri amadukira kumapeto, osati pakati.

Kutentha nako kumapha. Waya akachoka pa kachitsulo komugwira n'kutsamira pa ekizozi, pulasitiki amasungunuka ndipo nayiloni wa m'kati amamata. Zimenezi zimachitika kawirikawiri injini ikangotsitsidwa n'kubwezeretsedwa, pamene amakaniko otopa adutsitsa waya paliponse pamene wafika. Malabala ogwira injini akatha, injini imadendekera mbali imodzi ikamakoka katundu, n'kumakoka waya yokha. Galimoto yotero imadumpha ponyamuka ngati yaponderedwa moto, dalaivala asanaponde.

Koma chimene chinandidabwitsa ine ndi ichi, ndipo eni magalimoto ambiri sachidziwa. Pali waya wonenepa wa efi amene amalumikiza injini ku thupi la galimoto ndi ku batire. Poliza injini, sitata imakoka magetsi ochuluka zedi, ndipo magetsiwo amabwerera kudzera mwa waya wa efi ameneyu. Akaduka, akamasuka, kapena akaiwalika pomanga injini, magetsi amafuna njira ina, ndipo njira yachitsulo imene ili pafupi ndi waya wa moto. Kawaya kochepako kamatentha ngati waya wa mbaula ya magetsi, nayiloni amasungunuka, timawaya timafewa. Munthu amagula waya watsopano, mwezi usanathe walimbanso, agulanso wina, n'kumadandaula kuti masipeya a masiku ano ndi achinyengo. Pamene vuto lili pa bawuti imodzi ya efi. Ngati sitata ikuzungulira mwaulesi pamene batire lili bwino, ndipo waya wa moto akufunda mukangoliza injini, musagule kanthu musanaone efi.

Waya safa mwakachetechete. Amayamba walimba. Kenaka phazi limamva ngati pali mchenga, kapena ngati chopondera chikudutsa pa timasitepe. Injini imachedwa kutsitsa mawu mukasintha giya. Tsiku lina imalira mokweza pamalo oima mpaka mutakoka chopondera ndi chala cha phazi. Madalaivala ambiri a matola anazolowera kukoka kumeneku moti phazi limachita lokha, ndipo ukawafunsa amati galimotoyi ndi mmene ilili. Pepala la COF limene lili pagalasi silimva zimenezi. Amene amamva ndi mwini phazi.

Ndisanamizire madalaivala ulesi wokhawokha. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo munthu wa pikapu imodzi amaika patsogolo dizilo, matayala ndi chakudya cha ana. Chimene chikugwirabe ntchito chimadikira. Komabe pa zinthu zonse za pansi pa boneti, waya ameneyu ali m'gulu la zotchipa, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu.

Akakakamira pa chitsetse

Waya woduka amangokuchititsani manyazi. Sipuling'i imabweza zonse, injini imatsika, inu n'kuima pambali. Zimavuta ngati mukupitirira lole kapena muli pakati pa chitunda ndi katundu, koma galimoto imakhala ikufuna kuima, ndipo imeneyo ndi mbali yabwino yolakwira. Wokakamira ndiye wina. Kawaya kamodzi koduka kakapindikira m'kati mwa chimake, kamalola waya kupita kutsogolo koma kamakana kuti abwerere, ngati mbedza m'kamwa mwa chambo. Mwachotsa phazi, galimoto ikuwonjezabe liwiro. Taganizani zimenezi pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, pa mapiri a ku Chikwawa potsikira pa Thabwa, kapena pa Chiweta, kumbuyo kuli anthu pamwamba pa matumba.

Chochita n'chachifupi, ndipo chiyenera kukhala m'mutu chisanafike tsiku lake. Pondani kilatchi mpaka pansi, chotsani giya. Injini ikuwa mochititsa mantha, koma kukuwako sikukukankhanso matayala. Pondani mabuleki mwamphamvu kamodzi, osawapopa, popeza pa injini ya petulo moto ukatseguka wonse mphamvu yothandizira mabuleki imachepa ndipo kupopa kumaimaliza. Patukirani pambali, zimitsani. Pa petulo wa kabuleta musachedwe kuzimitsa, chifukwa injini zimenezo zilibe chodziletsa ndipo zikhoza kudziphwanya. Pampu ya dizilo ili ndi gavanala amene amaika malire, choncho imapirira pang'ono.

Ngati mwakakamizika kuzimitsa galimoto ikuyendabe, tembenuzani kiyi kamodzi kokha. Musamufikitse pamene amazukira, chifukwa pamenepo chiwongolero chimatsekeka, ndipo galimoto yothamanga yopanda chiwongolero ndi bokosi la maliro. Dziwaninso kuti injini ikazima mabuleki amalimba mukawaponda kawiri kapena katatu, ndipo chiwongolero cha pawa chimalemera. Chimene simuyenera kuchita ndi kuweramira pansi kuti mukoke chopondera ndi dzanja. Maso akachoka pamsewu masekondi awiri okha, ngodya yafika.

Mukaima, yambani mwayang'ana pansi pa mapazi. Nthawi zina waya alibe mlandu. Kapeti wopindika, botolo la madzi, sipanala imene inagwa dzana, zonsezi zimapana chopondera.

Za kukafika kunyumba waya ataduka, njira zilipo ndipo ena amanyadira nazo. Pa kabuleta ndi pa pampu pali sikuluwu imene imakhazikitsa kaliridwe ka injini pamene palibe akuponda. Mukaimanga pang'ono injini imalira mokwererapo, ndipo pa msewu wosalala mukhoza kukwawa ndi giya wani ndi thu mpaka pa garaja. Ma dizilo ena akale ali ndi kachingwe kokoka ndi dzanja pafupi ndi chiwongolero, kowonjezera moto m'mawa kukazizira, ndipo ngati kamapita ku pampu pakokha kamathandiza. Ndinaonapo anthu atamanga chingwe pa kabuleta, n'kuchidutsitsa pansi pa boneti mpaka pa windo, mnyamata akukoka dalaivala akamukuwira. Zimasekesa, ndipo m'munda wa fodya zingachitike. Pa M1 ayi. Anthu awiri sangagawane phazi limodzi.

Waya wa njinga uja ndi wabwinoko pa zonsezi, ndipo wa njinga yamoto amaposa chifukwa ngwonenepa. Koma amalowa m'chimake chakale, momwe muli dzimbiri ndi zidutswa zimene zinapha woyamba, ndipo wagwiridwa ndi timasikuluwu timene kunjenjemera kwa dizilo kumamasula. Ndi wokafikira kunyumba basi.

Kukagula, ndi kuika

Ku Lilongwe munthu amalowera ku Biwi, ku Blantyre ku Limbe kapena ku Ndirande, ndipo lamulo ndi limodzi kulikonse: nyamulani waya wakaleyo yense, ndi chimake chake. Kunena kuti ndikufuna kebo ya Hilux sikukwanira. Hilux inayamba kupangidwa mu 1968 ndipo yasintha maonekedwe ndi injini kambirimbiri. Ya petulo ndi ya dizilo za chaka chimodzi mawaya ake ngosiyana. Ya chiwongolero cha kumanzere, yopangidwira maiko oyenda kumanja kwa msewu, waya wake ngosiyana kutalika ndi wa zathu za chiwongolero cha kumanja. Komanso pikapu zambiri zimene zikuyenda m'midzi muno injini zake si zimene zinabwera nazo. Thupi ndi la chaka china, injini inachokera m'minibasi, kabuleta inachokera kwina. Buku la masipeya silingadziwe zimenezo.

Ikani awiriwo pa tebulo, mbali ndi mbali. Kutalika kwa chimake kufanane. Chofunika koposa, kankhirani waya yense mbali imodzi muone kutalika kwa gawo lotuluka kunja, chifukwa limenelo ndi limene limanena ngati moto udzatseguka wonse ndi kutsekeka wonse. Onani timitu tonse tiwiri, onani pomangira pa khoma. Wogulitsa akanena kuti bola, amakaniko akakonza, muziganiza kawiri. Waya wamfupi amasiya moto wotseguka pang'ono nthawi zonse. Wautali amadya theka la chopondera pachabe.

Wa kaunjika, wochotsedwa m'galimoto yophwasulidwa, si woipa nthawi zonse, ndipo wina wa fakitale wakale amaposa watsopano wosadziwika kwawo. Mupinde ngati uta, mukokere uku ndi uku ndi zala ziwiri. Akagwira penapake ngakhale pang'ono, musiyeni.

Ntchito yoika si yaikulu, ndipo munthu wodekha akhoza kuichita pakhomo ndi sipanala 10 ndi 12, pulayazi ndi tochi. Koma musanamasule kanthu, jambulani ndi foni njira yonse imene waya wakale wadutsa. Anthu amadumpha zimenezi, kenaka n'kumakangana ngati anadutsa pamwamba kapena pansi pa paipi. Injini ikhale yozizira ndi yozima, handibuleki yokoka. Pa petulo chotsani chibekete cha sefa ya mpweya kuti kabuleta ioneke, ndipo muike kansalu koyera pakhosi pake, chifukwa kanati kakagwera mmenemo nkhani yasanduka ina.

Ku injini, chimake chimathera pa kachitsulo ka mazinga kokhala ndi manati awiri, ina kuseri ina kutsogolo kwa chogwirira. Masulani, tembenuzani kadzanja ka kabuleta kapena ka pampu ndi dzanja kuti waya akhwepe, kenaka sololani kamgolo kaja cham'mbali. Tsopano gonani chagada pansi pa chiwongolero, mutu ku zopondera. Apa ndi pamene msana umadandaula. Pamwamba pa chopondera moto pali kampata pamene kamutu kena kakola, nthawi zambiri ndi kapulasitiki kapena kalabala. Kolowolani. Pa khoma pali mabawuti awiri ang'onoang'ono kapena kapulasitiki kongopana. Akachoka amenewo, waya amatuluka kumbali ya injini.

Watsopano amalowa mobwerera, motsata chithunzi chija. Akhote mofatsa, popanda ngodya yakuthwa, atalikirane ndi ekizozi ndi malamba, ndipo abwerere m'tizitsulo tonse tomugwira. Musamumange kolimba ku thupi la galimoto pafupi ndi injini, chifukwa injini imagwedezeka ndipo waya amafuna mpata wogwedezeka nayo. Kalabala ka pa khoma kakhale m'malo mwake, apo ayi chitsulo chidzacheka chimake. Pa kamgolo ndi pa msomali umene chopondera chimazungulirapo, kadontho ka girisi n'kabwino. M'kati mwa waya wa nayiloni musathiremo kanthu. Amakaniko ena amakonda kuthira oyilo wakuda wochokera mu injini, ndipo sabata yoyamba moto umafewadi. Pofika mwezi wa Okutobala oyiloyo ndi fumbi zasanduka phala.

Manati awiri aja ndi amene amamaliza ntchito. Waya asakhale wokungika ngati nsambo ya gitala. Pakhale kukhwepa pang'ono, mamilimita ochepa chabe, kuti phazi likachoka kadzanja kaja kazikhala pa sikuluwu yake, osati kulendewera pa waya. Wokungika amakweza kaliridwe ka injini, amadya mafuta, ndipo amakoka moto yekha injini ikagwedezeka. Ndiye wina akhale m'kati aponde mpaka pansi, injini ili yozima, inu mukuyang'ana ngati kadzanjako kafika kumapeto. Kazifika nthawi imodzi ndi pamene chopondera chagunda poimira pake. Kakafika msanga, ndiye kuti mphamvu yonse ya mwendo ikuthera pa waya, ndipo sakhalitsa. Kakalephera kufika, galimoto idzafooka pa chitunda, ndipo alipo amene anatsegulitsa pampu yonse pamene vuto linali nati imodzi. Pa pikapu ya otomatiki pali waya wachiwiri wopita ku giyabokosi, womangidwa pamalo omwewo. Ameneyo musamusunthe mwachisawawa, popeza kasinthidwe ka magiya kamadalira iye.

Kenaka mayeso a gogo uja. Ponda, chotsa msanga, kakhumi. Ponda pang'onopang'ono, chotsa pang'onopang'ono, chifukwa waya wina amabwerera akamasulidwa mwamphamvu koma amakakamira akamasulidwa mofatsa. Nthawi iliyonse pamveke kachitsulo kakugunda pa sikuluwu yake. Yang'anani sipuling'i. Ngati yatambasuka, yachita dzimbiri, kapena wina anaikapo lamba wa chubu m'malo mwake, isinthidwe tsiku lomwelo. Chotsani kansalu kaja, bwezerani sefa, tsekani boneti, ndipo muyesenso, poti boneti kapena chibekete cha sefa chimatha kupana waya amene anali womasuka zonse zili zotsegula. Mukatero ndiye lizani injini, giya itachotsedwa, dzanja lili pa kiyi.

Ana athu mwina sadzaidziwa ntchito imeneyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, BMW inatulutsa galimoto ya 7 Series imene chopondera chake sichinkakoka waya aliyense, ndipo lero pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano ndi yotero. Hilux ya D-4D imene timaitcha Vigo, yomwe inayamba kuoneka cha m'ma 2005, pansi pa phazi ili ndi sensa imene imauza kompyuta kuti mwaponda motani, ndipo kompyutayo ndiyo imagawa mafuta. Sindinyoza. Injini zimenezi zimakoka bwino, zimasunga mafuta, ndipo zilibe chimake chodzaza fumbi. Kungoti sensa ikafa pakati pa Tsangano ndi tala, wokonza njinga wa pansi pa mtengo alibe chokugulitsani. Pamafunika makina opimira, ndipo makinawo ali m'tauni.

Patapita miyezi inayi ndinaipezanso pikapu ija pa msika wa Lizulu, akukweza tomato. Dalaivala anandizindikira, tinapatsana moni, ndinafunsa za kunyumba, kenaka za kebo. Anaseka n'kutsegula boneti. Waya wa njinga uja anali pomwepo, kachitsulo ka mkuwa katabiriwira, ndipo wina anali atakakulunga ndi waya wa kopa kuti timasikuluwu tisamasuke. Ndisanatsegule pakamwa anandikokera kutsogolo, n'kutsegula kabokosi ka pa dashibodi. Munali waya watsopano, wokulungidwa bwino, akadali m'pulasitiki yake, lisiti la ku Biwi lili pomwepo.

"Ndinagula, bwana. Ndiika Lamulungu likubwerali."

Mnyamata anamenya kawiri pa denga, ndipo ananyamuka kulowera ku Ntcheu.